Nyama za Mkuwa pa Makadi: Zikanaoneka Bwanji ku Chilwa?

Makadi amene amatuluka m'matumba ku Kachulu, ku Mchenga ndi m'madoko ena a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa ndi aja otchipa a m'magolosale: kumsana kofiira kapena kwabuluu, mfumu yandevu itagwira lupanga, mfumukazi itanyamula duwa. Amaseweredwa pansi pa mtengo anthu akamadikira maboti a matemba, amaseweredwanso m'zimbowera pakati pa njedza mphepo ikaletsa kuponya maukonde. Wosewera sayang'ana nkhope ya mfumuyo n'komwe. Diso lake limathamangira pakona, pamene pali nambala ndi chizindikiro, basi.

Kunja kuli makadi amtundu wina, opangidwa kuti munthu aziwayang'anitsitsa. Ojambula amatenga paketi yomwe tonse timaidziwa n'kuidzaza ndi zithunzi zawozawo. Mwa mitundu yambirimbiri ya makadi oterewa, umodzi umene wakopa anthu m'zaka zaposachedwapa ndi wa nyama zosakanikirana ndi makina akale oyendera nthunzi, kajambulidwe kotchedwa steampunk. Zingaoneke ngati zidole za anthu okhuta kutali uko, ndipo mbali ina n'zoona. Koma nyengo ya nthunzi imene makadiwa amailota inadutsanso kuno kwathu, ndipo munthu woidziwira m'mphepete mwa Shire amaona msanga chimene ojambulawo anachisiya kunja kwa chithunzi.

## Paketi yake ndi yotani?

Kuwerenga kwake sikusintha. Makadi ndi 52, mitundu ndi inayi, mitima, madayamondi, masipedi ndi makalabu, mtundu uliwonse makadi 13, kuphatikizapo majoka awiri. Kukula kwake n'kwa nthawi zonse, pafupifupi mamilimita 63 m'lifupi ndi 88 m'litali. Masewera alionse amene mumasewera ndi paketi ya pagolosale mungawasewerenso ndi iyi.

Chosiyana ndi zithunzi. Mfumu ikhoza kukhala mkango wovala chipewa chachitali ndi wotchi ya tcheni pachifuwa. Mfumukazi ikhoza kukhala kadzidzi wa mapiko a mkuwa olumikizidwa ndi timisomali. Jeki nthawi zambiri amakhala nkhandwe kapena mphaka wovala jekete lachikopa, magalasi a woyendetsa ndege ali pamphumi. Pena mupeza kamba amene chigoba chake ndi thanki yowiritsira madzi, utsi ukutuluka pachumuni cha pamsana. Mitundu yokondedwa ndi ya dzimbiri, ya mkuwa ndi ya pepala lokalamba.

Mukapenyetsetsa, nyamazi zili pawiri. Zina ndi nyama zenizeni zimene zangovekedwa zovala za anthu a ku England a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901. Zina ndi makina enieni opangidwa m'maonekedwe a nyama, mkati muli magiya ndi mapaipi. Kwa ine zachiwirizi ndiye zokoma, chifukwa zimakakamiza wojambula kuganiza: mwendo uwu upinda bwanji, mphamvu ichokera kuti?

## Steampunk inachokera kuti?

Inayambira m'mabuku a nthano za sayansi. Dzinali analipereka mlembi wa ku America, K. W. Jeter, mu 1987, m'kalata imene analembera magazini ya Locus pofotokoza nthano zimene iye, Tim Powers ndi James Blaylock ankalemba. Funso la nthanozi ndi limodzi: dziko likanakhala lotani anthu akanapitiriza ndi nthunzi, osasamukira ku petulo ndi magetsi? Mu 1990 William Gibson ndi Bruce Sterling anatulutsa buku la The Difference Engine, momwe makompyuta a magiya amene Charles Babbage anawalingalira m'zaka za m'ma 1800 amagwiradi ntchito n'kusintha dziko la Britain. Agogo a zonsezi ndi Jules Verne ndi H. G. Wells, amene analemba nthano zawo nthunzi idakali pachimake.

Kuchoka m'mabuku, kalembedweka kanalowa m'mafilimu, m'zovala, m'zosemasema, kenako pa makadi. Ngakhale kampani yaikulu ya makadi a Bicycle ku America ili ndi paketi yakeyake ya steampunk.

Chimene chimakoka anthu sichovuta kumvetsa. Injini ya nthunzi siibisa kanthu. Moto umawiritsa madzi, nthunzi imakankha pisitoni, pisitoni imakankha mkono wachitsulo, mkonowo umazunguza gudumu. Zonse zimaoneka ndi maso, ndipo zikawonongeka munthu wa sipanala amadziwa pogwira. Foni ya m'manja si choncho. Ikafa, ambirife timangoiyang'ana.

## Nyama zinayamba kale kukhala pa makadi

Wina angaganize kuti kuika nyama pa makadi ndi mafashoni a dzulo. Ayi ndithu, nyama zinalipo mitima ndi masipedi zisanabadwe.

Makadi anafika ku Ulaya cha m'ma 1370 kudzera kwa Asilamu a ku Egypt, m'nthawi ya ufumu wa Mamluk. Makadi awo anali ndi zizindikiro za ndalama, zikho, malupanga ndi ndodo zosewerera mpira wa pa akavalo, ndipo paketi ina yakale ya mtunduwu ikusungidwa ku nyumba yachifumu ya Topkapi ku Istanbul. Atafika ku Ulaya, dera lililonse linayamba kusintha zizindikirozo mmene likufunira. Paketi yotchuka ya ku Stuttgart ku Germany, yojambulidwa pamanja cha m'ma 1430, mitundu yake inayi ndi abakha, akabawi, agwape ndi agalu osakira nyama. Makadi 49 mwa 52 alipobe mpaka lero. Ndi akuluakulu, pafupifupi masentimita 19 m'litali, opakidwa golide, ndipo aliyense wowaona amazindikira kuti mwini wake anali munthu wachuma wokonda uzimba, wofuna kuonetsa alendo ake chinthu chokongola. Mmisiri wina wa m'nyengo yomweyo, amene akatswiri a mbiri amangomutchula ndi ntchito yake ya makadi, anagoba pa mkuwa makadi a mbalame, agwape, zilombo zolusa ndi maluwa.

Mitima, madayamondi, masipedi ndi makalabu zinachokera ku France cha m'ma 1480, ndipo zinapambana chifukwa cha kutchipa. Kujambula abakha 9 pa khadi limodzi n'kwa mmisiri. Kudinda mitima 9 ndi kachibowo kodulidwa pa pepala lolimba angathe ndi mwana wophunzira ntchito. Makadi amene tili nawo m'matumba lero ndi zidzukulu za kutchipa kumeneko.

Koma chilakolako chokongoletsa sichinafe. M'zaka za m'ma 1700 ku Germany kunali makadi a tarot okhala ndi zithunzi za nyama. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 wosindikiza mabuku wa ku Tübingen, J. G. Cotta, anatulutsa makadi amene zizindikiro zake zinabisidwa mkati mwa chithunzi: dayamondi likusanduka zenera, mtima ukusanduka nkhope. Luso limeneli ojambula a steampunk amaligwiritsabe ntchito, kalabu akamaisandutsa magiya atatu olumana.

Nkhope za mafumu nazo zinasinthidwapo kangapo. Anthu a ku France atachotsa mfumu yawo pampando, makadi ena a mu 1793 anachotsanso mafumu ndi mafumukazi n'kuikapo zifaniziro za ufulu ndi kufanana kwa anthu. Mu 2003 asilikali a America ku Iraq anapatsidwa makadi a nkhope za anthu amene ankawasaka, Saddam Hussein ali pa eyisi ya sipedi. Ndiye mkango wovala chipewa ukakhala pampando wa mfumu, sunaphwanye mwambo wina uliwonse.

## Nanga nyama zamakina?

Nazonso n'zakale. Mu 1739 Jacques de Vaucanson wa ku France anaonetsa bakha wa mkuwa amene ankakupiza mapiko, kudya tirigu ndi kutulutsa zonga ndowe, ngakhale pambuyo pake zinadziwika kuti ndowezo ankaziikamo mwamseri. Tipu Sultan wa ku Mysore ku India anali ndi nyalugwe wamatabwa wokhala ndi limba mkati, akuluma msilikali wachizungu. Angelezi atamugonjetsa mu 1799 anamutenga nyalugweyo, ndipo ali ku Victoria and Albert Museum ku London. Jules Verne, m'buku lake la mu 1880, analemba za njovu yachitsulo yoyendera nthunzi ikukoka nyumba kudutsa India. Mu 2007 mzinda wa Nantes, kwawo kwa Verne, unapanga njovu yamatabwa ndi zitsulo yotalika mamita 12, imene imayenda itanyamula anthu pafupifupi 50 uku ikupopera madzi ndi chitamba.

## Zimene wojambula sayenera kukhudza

Apa ndi pamene mapaketi ambiri okongola amagwera. Khadi ndi chida chogwirira ntchito. Munthu amagwira makadi angapo m'dzanja limodzi atawayala pang'ono, ndipo chimene chimaoneka ndi kakona kokha. Nambala ndi chizindikiro cha pakonapo zinafala m'zaka za m'ma 1870 ku America. Kale wosewera ankayenera kutambasula makadi onse ndi manja awiri kuti adziwe chimene wagwira. Wojambula akakongoletsa kakonako mpaka 6 kumafanana ndi 8, kapena akapaka mitundu yonse utoto wa dzimbiri mpaka zofiira ndi zakuda kusasiyana, paketiyo yafa ngati chida. Taganizani masewera othamanga aja otaya khadi lofanana nambala kapena mtundu ndi lapamwamba, madzulo kuwala kukuchepa. Kukayikira kwa kamphindi kumabala mkangano.

Chachiwiri ndi mitu iwiri. Mfumu, mfumukazi ndi jeki amajambulidwa mutu kumwamba mutu kumunsi pa chifukwa chomveka. Kale anali ndi mutu umodzi ndi miyendo, ndiye wosewera akalandira khadi lozondoka ankalitembenuza, mnzake wochenjera n'kudziwa kuti uyu wagwira chachikulu. Wojambula amene wajambula kadzidzi wathunthu, mutu kumwamba zikhadabo pansi, watibwezera ku vuto lomwe linathetsedwa zaka zoposa 150 zapitazo.

Malo amene wojambula ali ndi ufulu wonse ndi awiri. Oyamba ndi joka, khadi lobwera mochedwa limene linabadwira ku America cha m'ma 1860 m'masewera otchedwa euchre. Achiwiri ndi eyisi ya sipedi, imene imakhala yokongoletsedwa kuposa anzake ngakhale pa paketi yotchipa. Chiyambi chake ndi msonkho. Boma la England linkakhometsa msonkho pa makadi, ndipo kuyambira 1765 eyisi ya sipedi inkasindikizidwa ndi boma lenilenilo ngati umboni wakuti msonkho waperekedwa. Kupanga yabodza unali mlandu wa imfa: Richard Harding anapachikidwa mu 1805 pa mlandu umenewu. Msonkhowo unatha mu 1960, koma chizolowezi chokongoletsa khadilo chinatsala.

Pali chinthu chinanso chimene ndimayang'ana, makamaka masiku ano pamene zithunzi zambiri zikupangidwa ndi kompyuta: kodi magiyawo akulumana? Pa zithunzi zambiri magiya amangomatidwa pa phewa la nyama ngati mikanda, mano ake osakhudza chilichonse, paipi ikuchokera pena n'kuthera m'malere. Wokonza njinga pa Jali angakuuzeni m'kuphethira kwa diso kuti makina amenewo sangayende.

## Kumsana kwa khadi

Kumsana kuyenera kufanana pa makadi onse, ndiponso kuoneka chimodzimodzi ukalitembenuza khadilo. Ojambula ena amaiwala, n'kuikapo njovu imodzi yoyang'ana kumanja. Paketi yotereyi ndi mphatso kwa wakuba: amangozondotsa makadi akuluakulu, ena onse n'kuwasiya, ndipo amawadziwa ali chafufumimba.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, mu 2012 katswiri wa juga wa ku America, Phil Ivey, anapambana mapaundi 7.7 miliyoni pa kasino ya Crockfords ku London. Iye ndi mnzake anaona kuti makadi a kumeneko anadulidwa mopendekera pang'ono, moti timizere ta m'mphepete mbali ina sitinkafanana ndi ta mbali inayo. Anapempha wogawa makadi kuti azitembenuza makadi ena, ati n'zamwayi chabe. Kasinoyo inakana kulipira, ndipo mu 2017 khoti lalikulu kwambiri la Britain linagamula kuti kumeneko kunali kubera. Ngati kupendekera kosaoneka bwino ndi maso kungafike pamenepo, kuli bwanji chithunzi cha njovu yathunthu?

## Nthunzi imene ife tinaidziwa

Pa 18 Epulo 1859 David Livingstone ndi John Kirk anafika m'mbali mwa nyanja ya Chilwa akuyenda pansi. Sitima yawo anaisiya pa Shire, kwa Chibisa, dera la Chikwawa lero. Inali sitima ya nthunzi yotchedwa Ma Robert, dzina limene Amakololo ankamutchula mkazi wa Livingstone. Sitimayi inali yovuta zedi. Inkadontha, inkapuma mwabefu, ndipo inkadya nkhuni koopsa, moti nthawi yodula nkhuni inkaposa nthawi yoyenda. Inamira mu Zambezi kumapeto kwa 1860.

Mu 1875 kunabwera Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia. Pa mathithi a Shire anaimasula zidutswazidutswa, anthu mazanamazana n'kusenza zitsulozo pamutu ulendo wa masiku angapo, kukailumikizanso kumtunda. Inalowa m'nyanja ya Malawi pa 12 Okutobala chaka chomwecho. Pambuyo pake kunabwera zina, monga Chauncy Maples ya mpingo wa Anglican, imene inayamba kuyenda panyanja mu 1901, ndi Guendolen ya boma la atsamunda, imene mu Ogasiti 1914 inaphulitsa mzinga pa sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, tsidya la Tanzania. Mzinga wa Guendolen ulipobe pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi. Njanji ya pakati pa Nsanje ndi Blantyre inatsegulidwa mu 1908, ndipo mitu yakale ya sitima za nthunzi mungakaione ku nyumba yosungira zakale ya Chichiri.

Tsono yang'ananinso makadi aja. Mkango uli ndi chipewa, kadzidzi ali ndi magalasi, utsi ukukwera mokongola. Wodula nkhuni ali kuti? Wosenza boyila, thanki yowiritsira madzi ija, pamutu kukwera mapiri a Shire ali kuti? Woponya makala m'ng'anjo, thukuta lili kamukamu, sajambulidwa. Nyengo ya Victoria imene ojambula a ku Ulaya ndi America amaikumbukira ngati nthawi ya akatswiri opanga zinthu zodabwitsa ndi yomweyo imene dziko lino linagwa m'manja mwa Britain, mu 1891, likulu lake n'kukhala Zomba, makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Kachulu. Sitima za mfuti zinali mbali ya nkhondo zothetsa malonda a akapolo, zinalinso mbali ya kulanda dziko, ndipo msonkho wa nyumba ndi thangata zinatsata m'mbuyo mwake. Sindikunena kuti munthu asasangalale ndi kadzidzi wa mkuwa. Ndikunena kuti chithunzicho n'choperewera, ndipo mbali yosowayo ife ndi amene tikuidziwa.

Pa Chilwa penipeni sitima zikuluzikuluzo sizikanatha kuyenda. Nyanjayi ndi yosaya, malo ambiri munthu amakankha bwato ndi nsungwi yaitali yofika pansi. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani imangothiramo, dzuwa n'kumamwa. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi kapena panjinga.

## Paketi ya ku Chilwa

Tiyerekeze kuti wojambula wa kuno, kaya wophunzira zaluso ku yunivesite ku Zomba kaya wolemba zikwangwani za m'magolosale, wafuna kupanga yake. Nyama sangazisowe. Chilwa analowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar mu 1996, woyamba m'Malawi muno, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi. Vuwo, ndi thumba lake la pakhosi, ndi mfumu yobadwa kale. Thumbalo likhoza kukhala thanki. Chimeza, miyendo yake yaitali ngati masipoko, anakhalapo kale pa ndalama yachitsulo ya 5 tambala. Pali nkhwazi, tsekwe, kakowa, nantchengwa womanga chisa chachikulu. Majoka awiri sitingakambirane n'komwe: Kalulu ndi Fisi, wochenjera ndi wopusitsidwa, amene mwana aliyense wa kuno anakula nawo m'nthano.

Khadi limene ndingakonde kuliona ndi la mlamba. Nsombayi ili ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja, choncho imapirira m'madzi amatope momwe zina zimafa, ndipo imatha kukwawa pa nthaka yonyowa kufunafuna thamanda lina. Nyanja ikaphwa, milamba, matemba ndi makumba zimabisala m'matamanda ndi m'mitsinje, madzi akabwerera n'kudzazanso nyanja. Mlamba wachitsulo wokhala ndi kapaipi kopumira ndi timiyendo tokwawira pamatope sukhala bodza lopanda mutu. Ndi chilengedwe chake chomwe chojambulidwa mwa makina. Ameneyo ndingamuike pa eyisi ya sipedi.

Mitundu inayi ingathe kutsata nsomba zitatu zija ndi mbalame, koma pakona pakhalebe mtima, dayamondi, sipedi ndi kalabu, zofiira ndi zakuda, kuti masewera asaime.

Funso lalikulu ndi zipangizo. Mkuwa wonyezimira ndi chikopa chopolishidwa ndi za ku London. Makina a kuno amapangidwa ndi tcheni cha njinga, malata otsala, zitini, waya, mphira wa chubu ndi nsungwi. Ana amene amapinda waya n'kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chachitali anayamba kale luso limeneli, ena amaikapo mbalame yokupiza mapiko mateyala akamazungulira, zomwe ndi nzeru yomweyo ya bakha wa Vaucanson. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anapanga makina ake opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakutha, fani ya thirakitala ndi mapaipi apulasitiki. Nyama zomangidwa ndi zinthu zotere zingaoneke zakwathu, ndipo palibe paketi ya kunja ingafanane nazo. Pa makadi a manambala ndi pamene pangalowe anthu osowa aja: wodula nkhuni pa 2, osenza boyila pa 8, woponya makala pa 10.

Chenjezo limodzi. Wina angakopeke kutenga zilombo za Gule Wamkulu, poti nazonso ndi nyama zomangidwa ndi manja, ndipo zina zimatengera maonekedwe a zinthu zachilendo monga galimoto. Koma zimenezo zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Kasiyamaliro si chokongoletsera khadi loti liziponyedwa pafumbi pa juga, ndipo wojambula wanzeru angazitalikire.

## Kusindikiza ndi ndalama

Kujambula ndi mbali yopepuka. Paketi yosavuta imafuna zithunzi 17: mafumu, mafumukazi ndi majeki 12, majoka awiri, eyisi ya sipedi, kumsana, ndi kabokosi. Wofuna chithunzi pa khadi lililonse akonzekere zoposa 50.

Chovuta ndi pepala. Khadi labwino ndi mapepala awiri omatidwa ndi guluu wakuda pakati, kuti kuwala kusadutse. Mukasindikiza pa pepala lolimba wamba, ngati la makadi oitanira anthu ku ukwati, mnzanu wokhala moyang'ana dzuwa aziwerenga makadi anu ali phee. Pamwamba pake pamadindidwa timaenje tosaoneka bwino ndi maso, tosunga mpweya kuti makadi aziterera posakaniza, kenako amapakidwa vanishi. Ku fakitale makadi onse a paketi amasindikizidwa pa chipepala chimodzi chachikulu, n'kudulidwa ndi makina mofanana ndendende, makona ozungulira. Zomba ili ndi nyumba yosindikizira ya boma, Balaka ili ndi Montfort Media, Blantyre ili ndi osindikiza ambiri, koma kusindikiza mabuku ndi makalendala n'kosiyana ndi ntchito imeneyi. Mafakitale odziwika ndi monga United States Playing Card Company, eni ake a Bicycle kuyambira 1885, ndi Cartamundi ya ku Turnhout ku Belgium, imene inagula kampani ya ku Americayo mu 2019, kuphatikizapo mafakitale ambiri a ku China ndi Taiwan. Kwa anthu a kunyanja, kumene manja amakhala onyowa ndipo chinyezi chimafufumitsa pepala, makadi apulasitiki ndiye olimba, ngakhale utoto wake sukoma ngati wa papepala.

Ojambula ambiri a kunja amapeza ndalama kudzera pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti limene linayamba mu 2009: amaonetsa zithunzi, ofuna paketi amalipiriratu, ndalama zikakwana amakasindikiza. Ogula ambiri ndi osonkhanitsa makadi, ochita matsenga a pasiteji ndi okonda kuseweretsa makadi m'manja. Ena amagula mapaketi awiri, ina yotsegula, ina yosunga osang'amba pulasitiki. Koma Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene anthu ake angayambitse ntchito pa tsambalo, ndiye pamafunika mnzako wodalirika wokhala kunja. Onjezanipo kusowa kwa ndalama zakunja ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, muona kuti paketi yosindikizidwa kunja singapikisane pa mtengo ndi ya pagolosale. Msodzi wa ku Mchenga sangaigule kuti azisewerera pamchenga. Ogula ake oyamba angakhale alendo okwera phiri la Zomba, malo ogona alendo, Amalawi a ku Johannesburg ndi ku Britain ofuna mphatso ya kwawo, mwinanso mabungwe ophunzitsa ana za mbalame za m'dambo, poti makadi amathandizanso kuphunzitsa kuwerenga manambala ngakhale makolo ambiri akamva za makadi amangoganiza za juga.

Asanatumize zithunzi kwa aliyense, wojambulayo akalembetse ntchito yake ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, ndipo pangano ndi wosindikiza lilembedwe momveka: zithunzi ndi za yani, mapaketi angati, wosindikiza ali ndi ufulu wowonjezera kapena ayi. Akatero asindikize paketi imodzi yoyesera, ngakhale pa pepala wamba, apite nayo ku Kachulu, apatse anthu anayi ozolowera kusewera, iye akhale pambali osafotokoza kanthu. Khadi lililonse limene wosewera aliyandikitse kumaso kapena kufunsa mnzake kuti ili ndi chiyani, alilembe m'kope kuti akalijambulenso.